Kulimba mtima kumayamba munthu akasiya kudzibisalira

Munthu akapezeka ndi kachilombo ka HIV, abale amathamangira kumuuza kuti alimbe mtima, ngati kuti mtima umalimba chifukwa cholamulidwa. Maganizo anga ndi akuti munthu amalimba akayamba kudzidziwa ndi kuvomereza mmene alili, ndipo ndikunena izi monga munthu amene ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka zambiri.

Boma la Malawi linayamba kupereka mankhwalawa mwaulere mu 2004, choncho pamene ine ndinkayamba kumwa, vuto silinali mtengo wake koma ineyo. Ndinkasiya chipatala cha pafupi ndi kwathu n'kukwera minibasi kupita kutali, kuopa kuti wina wondidziwa angandione pamzere. Ndikafika kunyumba ndinkakhuthulira mapiritsi m'botolo la Panado, ndipo buku la kuchipatala ndinkalibisa pansi pa matiresi. Mwezi umene ndalama ya minibasi yasowa, mankhwala ankatha ine ndili chete, koma pamaso pa anthu ndinkaseka ndi kuyenda monga munthu amene zonse zili bwino. Magazi atayezedwa anaulula zimene pakamwa panga pankabisa, chifukwa tizilombo tinali titachuluka.

Mlangizi amene anandipatsa zotsatirazo sanandikalipire. Anangondipempha kuti nditchule dzina la munthu mmodzi amene anandinyozapo chifukwa cha matendawa, ndipo ndinakhala nthawi yaitali osapeza dzina, pakuti panalibe amene ankadziwa. Wondisala ndinali ine mwini, ndipo kuzindikira zimenezo kunandipweteka kuposa tsiku limene ndinamva koyamba kuti ndili ndi kachilombo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kudziona mmene ndilili. Ndine munthu woiwalaiwala madzulo, wamanyazi, ndiponso wosachedwa kufooka ndikakhala ndekha ndi maganizo. Zimenezi sizinandichoke mpaka lero, kungoti ndinasiya kuzikana n'kuyamba kukonza moyo wanga mozitsatira. Ndinapempha kuti andisamutsire kuchipatala cha pafupi, ndinauza achemwali anga kuti azindikumbutsa, ndipo mankhwala atsopano a dolutegravir atabwera mu 2019 ndinayamba kumwa piritsi langa m'mawa, nthawi ya tiyi imene sindiiphonya. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine chitseko changa chinali kunena zoona kwa munthu mmodzi yekha.

Sindikunena kuti aliyense alengeze za magazi ake pa Facebook, chifukwa kusalana kudakalipo m'mabanja, kuntchito ngakhale m'mipingo, ndipo munthu ali ndi ufulu wosankha womuuza. Komanso kudzivomereza sikuchitika tsiku limodzi, n'chifukwa chake magulu othandizana, monga a NAPHAM, bungwe la anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV limene linayamba mu 1993, ndi ofunikabe ngakhale mankhwala akupezeka. Ine ndinapitako koyamba nditavala chipewa chophimba nkhope, ndipo mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye pabenchi anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Vulani chipewacho bambo, muno tonse ndife amodzi."