Podikasiti ya technology transfer ikafika gawo la 100, tiwerengenso zolakwa zomwe yaulula

Anthu a ntchito ya technology transfer akamakondwerera kuti podikasiti yawo yafika gawo la 100 kapena la 200, ine chidwi changa sichikhala pa nambalayo. Funso langa n'lakuti, pa magawo onsewo, ndi angati omwe mlendo anavomera poyera kuti ofesi yake inaphonya tsiku kapena inasainitsa pepala lolakwika?

Kwa omwe simukuidziwa ntchitoyi: awa ndi anthu omwe amatenga zomwe ofufuza atulukira pa yunivesite, n'kuziteteza ndi patenti (chikalata cha boma choletsa ena kugwiritsa ntchito chotulukiracho popanda chilolezo), kenako n'kufunafuna kampani yoti izigwiritse ntchito polipira layisensi. Ambiri amalowamo kuchokera ku labu, ku zamalamulo kapena ku bizinesi, ndipo ntchitoyi amaiphunzira pomvera anzawo. N'chifukwa chake podikasiti ngati AUTM on the Air, ya AUTM, bungwe la anthu a ntchitoyi lomwe linayamba mu 1974 ku America, imagwira ntchito ya sukulu.

Koma sukulu yongokamba za zotulukira zomwe zinabweretsa ndalama zambiri, monga chakumwa cha Gatorade cha ku University of Florida ndi PageRank ya ku yunivesite ya Stanford (njira yosanjira masamba a pa intaneti yomwe Google inayambira), ikunamiza ana. Zinthu zotere zimachitika mwa apo ndi apo. Mapatenti ambiri a mayunivesite sabweza n'komwe ndalama zomwe analipira kwa maloya.

Tengani nkhani ya Stanley Cohen ndi Herbert Boyer, ya njira yolumikizira DNA. Aliyense amakumbukira kuti inabweretsa ndalama zoposa madola 250 miliyoni. Zomwe zimaiwalika n'zakuti ofufuzawo anasindikiza zotsatira zawo mu November 1973, ndipo Niels Reimers wa ofesi ya malayisensi ku Stanford anadziwira nkhaniyi mu New York Times chaka chotsatira. Pempho la patenti linalowa mu November 1974, kutatsala masiku ochepa kuti nthawi ithe. America imakupatsa chaka chimodzi ukasindikiza. Ku Ulaya kulibe chifundo chimenecho: ukaulula usanapemphe, basi zapita. Patenti yotchukayo inagwira ntchito ku America kokha. Ndipo kuulula sikutanthauza jenala yokha. Posta ya pamsonkhano, thesis yoikidwa mu laibulale, ngakhale kanema wa pa YouTube, zonsezi zimawerengedwa.

Ina ndi ya mlandu wa Stanford ndi kampani ya Roche, yomwe khoti lalikulu la America linagamula mu 2011. Wofufuza anasaina ku yunivesite mawu oti "agree to assign", kulonjeza kuti adzapereka umwini wa zomwe angatulukire m'tsogolo. Atapita kukaphunzira PCR (njira yochulukitsira DNA mu labu) ku kampani ya Cetus, yomwe ufulu wake wa PCR unadzagulidwa ndi Roche, anasaina oti "do hereby assign", kupereka pompopompo. Pepala lachiwiri ndi lomwe linapambana. Khoti linanenanso kuti lamulo la Bayh-Dole la 1980, lomwe limalola mayunivesite kusunga umwini wa zotulukira pa ndalama za boma, silipatsa yunivesite umwini lokha ngati wotulukira sanaupereke polemba. Mawu atatu okha, ndipo Stanford inalephera kuletsa Roche kugwiritsa ntchito njira yoyezera kuchuluka kwa HIV m'magazi. Gawo limodzi lofotokoza bwino zimenezi limaposa magawo khumi a anthu oyamikirana.

Palinso kalendala. Pempho la provisional, lomwe ndi pempho loyambirira la patenti, limakusungira malo kwa miyezi 12. Ukalowa PCT, njira yopemphera patenti m'mayiko ambiri ndi pempho limodzi, umafika miyezi 30 kuchokera tsiku loyamba, ndipo apa ndi pomwe thumba limalira, chifukwa dziko lililonse limafuna loya wake, malipiro ake, kwina kumasulira chikalata chonse. Ofesi yanzeru imayamba kuyenda kwa makampani mwezi woyamba, osati wa 28. Pakapanda kupezeka wofuna layisensi, kulisiya pempholo si manyazi. Ndikanakonda kumva mkulu wa ofesi akufotokoza mmene amauzira pulofesa kuti patenti yake aisiya, chifukwa mawu ake ndi omwe wantchito watsopano sangawapeze m'buku.

Omvera a kuno tisamangomeza zonse. Bayh-Dole ndi lamulo la America, ndipo masiku ake, monga miyezi 2 yodziwitsa nthambi ya boma yomwe inapereka ndalama ndi zaka 2 zosankha kusunga umwini, sagwira ntchito kwa ife pokhapokha ndalama zofufuzira zitachokera ku boma la America. South Africa ili ndi lake la 2008, lomwe limapatsa otulukira gawo losachepera 20 peresenti pa marandi 1 miliyoni oyamba omwe chotulukiracho chabweretsa. Malawi ndi Zambia zili mu ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za mapatenti, komwe pempho limodzi ku Harare lingatchule mayiko angapo. Zomwe tingatenge osasintha ndi ziwiri: fomu yodziwitsa ofesi za chotulukira idzazidwe pepala lisanapite ku jenala, ndipo wina atsegule makontrakiti a ofufuza awone ngati akupereka umwini lero kapena akungolonjeza.