Damu Alitchinga, Mlonda Wake ndi Mkamwini

Loweruka m'mawa, dera lina la mu Blantyre muno (dzina ndabisa, ndimadutsako). Mipope ndi youma. Damu lomwe anthu akhala akuchapako, kuwedzako makumba ndi kubatizirako alizinga ndi malata atsopano obiriwira. Pageti pali chikwangwani chachikulu, pajambulidwa anthu awiri ovala magalasi akuda akumwa juwisi m'boti. Pansi pake paima mlonda, yunifolomu yomukulira, chibonga m'manja. Akubwera mayi wachikulire, beseni la zovala pamutu. Mlonda kungowazindikira, chibonga chigwa chokha. Ndi apongozi ake.

MKAMWINI: (avula chipewa, anjuta) Mwadzuka bwanji amayi?

APONGOZI: Tadzuka, kaya inu abambo a Mphatso. Ntchito ya kukampani munkanena ija ndi imeneyi?

MKAMWINI: Ndi yomweyi amayi. Ndili ku nthambi ya chitetezo.

APONGOZI: Nthambi yakeyo mulipo angati?

MKAMWINI: Masana ndimakhala ndekha. Usiku timakhala awiri ndi galu.

APONGOZI: Zikomo. Tatsegulani ndidutse, ndikufuna ndiyanike dzuwa lisanapendeke.

MKAMWINI: Amayi, pamenepo ndiye pali kavuto pang'ono. Malo ano anthu wamba sakulowanso.

APONGOZI: Wamba ndi ndani?

MKAMWINI: Ndiye kuti... aliyense amene si mwini wake.

APONGOZI: Ine ndinayamba kuchapa pano phiri la Ndirande lili ndi mitengo. Matewera a mkazi wanuyo ndinkasukulutsira pamwala uli kuseri kwa malatawa. Lero ndasanduka wamba?

MKAMWINI: Kunyumba ndinu amayi. Kuno, malinga ndi malamulo a kampani...

APONGOZI: Mudye kwa kampani madzulo ano.

Itulukira galimoto yoyera. Atsikamo bwana wachinyamata, chipewa cha pulasitiki cha omanga pamutu ngakhale mkatimo mulibe njerwa ndi imodzi yomwe.

BWANA: Gadi, chikuchitika n'chiyani? Agogowa akufuna chiyani?

MKAMWINI: Bwana, awa ndi... ndi anthu a m'dera.

APONGOZI: Ndine mpongozi wake. Thalauza lomwe anavala pofunsira ntchito kwa inu lili m'beseni muno.

BWANA: Agogo, pepani. Pano pakubwera chitukuko. Hotela, malo odyera, maboti, kapinga wothirira. Blantyre ndi mzinda wa malonda, wayamba 1876, koma mlendo akabwera alibe pokhala m'mbali mwa madzi. Mpaka apite ku Mangochi.

APONGOZI: Ku Mangochi ndinapitako ku maliro. Mumsewu fungo la usipa ukulimva, nyanja osaiona. Mipanda yokhayokha ya makoteji, asodzi akuzungulira mtunda kufuna potsikira ndi bwato. Ndiye mwati zimenezo mutibweretsere pakhomo kuti tisavutike ndi thiransipoti?

BWANA: Koma agogo, tinene chilungamo. Malo ano musanatchingidwe munali chiyani? Mapampasi. Majumbo. Mabotolo a kachasu. Usiku anyamata ankalanda mafoni pompano. Ana kumira chaka ndi chaka. Panalibe benchi, panalibe chimbudzi, panalibe getsi.

(Apa bwana sananame. Amene anadutsapo pa mtsinje wa Mudi pafupi ndi msika wa Blantyre mwezi wa Okutobala akudziwa mmene timasamalira madzi athu. Mphuno imakumbuka.)

APONGOZI: Zinyalalazo timataya ndife, sindikana. Koma ndikufunseni mwananga. Bini pano munaiwonapo? Galimoto ya zinyalala inaimapo? Zaka zonsezi malo ano analibe ndalama ya benchi imodzi. Lero mwadzidzidzi yapezeka ya malata kuzungulira damu lonse. Malo amawasiya dala awole kuti wobwera ndi mpanda aoneke mpulumutsi.

MKAMWINI: Amayi, pang'onopang'ono, ntchitoyi sindinathe nayo mwezi.

APONGOZI: Wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Khalani chete.

BWANA: Komanso musamati tagula. Sitinagule. Malo a boma sagulitsidwa chisawawa. Ife tangobwereka, pali lizi.

APONGOZI: Oo, mwabwereka. Ndiye bwino. Mubweza liti?

BWANA: Pakatha zaka 99.

APONGOZI: Ine ndili ndi zaka 68. Abambo a Mphatso, munafika Fomu 4, taphatikizani.

MKAMWINI: 167, amayi.

APONGOZI: Zovalazi ndizinyike kaye?

BWANA: Agogo, madzi ochapira si nkhani ya ife. Madzi a mzinda uno amachokera ku Shire, ku Walker's Ferry, ena ku Likhubula ku Mulanje. Kumeneko sitinatchingeko.

APONGOZI: Ndikudziwa kumene amachokera. Amachita kuwakankha ndi mapampu kukwera mtunda wonsewo kuchokera ku Shire. Magetsi akathima, mapampu agona, mpope wanga ungotulutsa mpweya. Tsiku limenelo dera lonse lino limatsikira pano ndi zigubu. Inu pa pulani yanuyo zigubuzo munazijambula?

BWANA: Anthu sitinawaiwale. Tawasiyira njira yofikira kumadzi.

APONGOZI: Ili kuti?

BWANA: Pa pulani. (atsegula foni, akulitsa ndi zala ziwiri) Mukuona kamzere kofiira aka? Njira yanu ndi imeneyi.

APONGOZI: Ndikuona chala chanu.

BWANA: Pansi pa chalacho.

APONGOZI: Kakuthera pati?

BWANA: Poimika galimoto.

APONGOZI: Madziwo ali pamenepo?

BWANA: Ayi, koma amaonekera.

MKAMWINI: Mukakwera pa bampala, amayi. Ndinayesa.

APONGOZI: Nanga a Zioni azibatiza bwanji? Azimuimika munthu pa bampala n'kumulozera Yorodano?

BWANA: Mipingo tidzaipatsa mtengo wapadera. Ubatizo wa anthu khumi, wa khumi ndi mmodzi ulere.

APONGOZI: Nanga a ukwati? Mwana wa kuno akakwatira, zithunzi amajambulitsa pansi pa mkuyu uwo. Amene alibe ndalama ya kapinga wa ku Namiwawa amabwera pano.

BWANA: Mkuyuwo pabwera damu losambira.

APONGOZI: Mukudula mtengo kuti mukumbe damu m'mbali mwa damu?

BWANA: Linalo ndi la matailosi.

Apongozi atula beseni, akhalira chidebe cha mlonda. Mkamwini abwerera masitepe atatu, poti mwambo ndi mwambo.

APONGOZI: Mu 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anachita misa pa Njamba. Ndinapita wapansi, mwana kumbuyo. Pageti sanatifunse tambala. Mpaka lero andale akafuna mavoti amatitutira pomwepo pa malole, anyamata amamenyapo mpira, otopa amagonapo. Mzinda umafunika malo oti munthu wopanda kanthu m'thumba akhale pansi wina osamufunsa kuti mukumwa chiyani. Kapena Njamba nayo mudzaitchinga?

BWANA: (atulutsa cholembera) Ndi yaikulu bwanji?

APONGOZI: Bwezani cholemberacho! Ndipo hotela yanuyo mukuimanga pati?

BWANA: Pamphepete penipeni. Mlendo akatsegula zenera, madzi ali pansi pake.

APONGOZI: Tsiku lina adzatsegula chitseko, madzi ali pabedi. Mu Malichi 2023 inu munali kuti? Namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala kutsikira ku Chilobwe ndi ku Manja. Tinaika maliro mpaka misozi kuuma. Osauka akamanga m'khwawa mumati ndi umbuli, asamuke. Inu mukamanga pomwepo ndi chitukuko. Madzi saiwala khwawa, mwananga, ndipo lizi sadziwa kuwerenga.

BWANA: Akatswiri athu anaunika zonsezo. Mpanda wathu ndi wolimba.

MKAMWINI: Mphepo ya Lachiwiri inagwetsa malata atatu, bwana. Ndinamangirira ndi linya.

BWANA: Gadi, ndakufunsa?

MKAMWINI: Ayi bwana.

BWANA: Agogo, zonse tinatsata. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati ntchito ngati ino iyambe yaunikidwa ndipo anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo. Tinafunsa.

APONGOZI: Munafunsa ndani?

BWANA: Tinachititsa msonkhano.

APONGOZI: Pano?

BWANA: Kuhotela ina m'tauni. Lachitatu, 10 koloko m'mawa. Tinalengeza m'nyuzi.

APONGOZI: M'chilankhulo chanji?

BWANA: Chingerezi. Tsamba 34, pansi pa zotsatsa matayala.

APONGOZI: A kuno anabwera angati?

BWANA: Mmodzi.

APONGOZI: Anati chiyani?

BWANA: Anayamikira nkhuku.

MKAMWINI: Inali yokazinga bwino, amayi.

Chete. Apongozi atembenuka pang'onopang'ono. Mkamwini ayang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege.

APONGOZI: Ndiye dera lonse lino linavomera kudzera m'kamwa mwanu?

MKAMWINI: Ndinangopita kukafunsa ganyu. Anandipatsa pepala, ndinasaina, kenako mbale.

BWANA: Koma agogo, mwatithandiza. Lipoti lathu likuperewera mbali ya amayi. Poti mwalankhula maganizo anu, tingoti takufunsani. Sainani apa, ndikujambuleni mutaima pachikwangwanipo. Mumwetulire.

APONGOZI: Wofunsidwa maganizo amalandira alawansi. Za mabungwe ndimazidziwa.

BWANA: (apisa m'thumba) K5,000.

APONGOZI: Kulowa mkatimu mwati idzakhala ndalama zingati?

BWANA: K5,000 munthu mmodzi.

APONGOZI: (alandira, aipinda, aibweza) Nayi. Abambo a Mphatso, tsegulani, ndine kasitomala.

BWANA: Sitinatsegulire anthu! Ndiponso kuchapa n'koletsedwa!

APONGOZI: Chikwangwani chikuti chiyani za kuchapa? Ine ndikuonapo juwisi.

Bwana aimba foni, sikulowa. Apongozi akwera pachidebe, amanga chitenje, aika manja kukamwa kuyang'ana kumtunda komwe amayi afola pa kiyosiki youma.

APONGOZI: Amayi inuuu! Kuno akufunsa maganizo! Faifi sauzande aliyense, ndi kuchapa komwe!

Fumbi kobo. Mabeseni, zigubu, ndowa, ana kumbuyo, wogulitsa zitumbuwa, ndi a Zioni atatu omwe sakudziwa nkhani koma abwera ndi ng'oma.

BWANA: Gadi! Tseka geti! Tola chibonga, uwabweze!

MKAMWINI: Bwana, mukumuona wa chitenje chachikasu ali patsogoloyo, wanyamula mpini?

BWANA: Eya, yamba ndi ameneyo!

MKAMWINI: Ameneyo ndi mayi a Mphatso. Makiyi ndi awa, yambani ndinu.