Ife timatseka nyanja, a ku Zambia amatseka ndi msewu womwe

Mu Januwale, nyanja ya Chilwa ili yotseka, pitani pamsika wa Zomba mukaone ngati matemba asowa. Mukawapeza ali milumilu. Mukafunsa mayi wogulitsayo akuuzani kuti ndi a m'mono, kapena ndi akale omwe anaumitsa mvula isanagwe. Mungamutsutse bwanji? Lamulo lathu limaletsa makoka kuyambira mu Disembala, nthawi imene makumba, milamba ndi matemba zikuswana, koma mono ndi mbedza zimagwirabe ntchito. Nsomba ikangofika pamtunda siyankhula kuti yagwidwa ndi chiyani.

Anzathu a ku Zambia anaiona nkhaniyi mwina. Kwawo chiletso chimayamba pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, ndipo chimakhudza nyanja ndi madambo ambiri, monga Bangweulu, Mweru ndi Kafue. Chimene ndimasirira n'chakuti saletsa kuwedza kokha. Kunyamula ndi kugulitsa nsomba za m'madzi otsekedwawo ndi mlandunso, ndipo amene wanyamula za m'damu loweta amayenera kuonetsa chikalata chonena komwe zachokera. Ndiye m'malo mothamangitsana ndi msodzi usiku m'kati mwa mabango, amangodikira thumba la nsomba pamsewu. Ozembetsa alipo ndithu, ndipo asodzi a kumeneko amalira njala miyezi itatu imeneyo ngati a ku doko la Kachulu pa Chilwa omwe. Koma wogula akachita mantha, khoka limakhala pamtunda lokha.

Taganizani ku Chilwa kuno. Kulondera nyanjayi pabwato n'kungodzitopetsa. Njedza zazinga mbali zonse, ndipo asodzi ena amakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, m'kati momwemo kwa milungu, kutali koti wa zausodzi sangafikeko popanda mafuta okwanira. Pamene misewu yotulutsira nsomba kuchokera ku Kachulu, ku Namanja kapena ku Swang'oma ndi yowerengeka ndi zala.

Ku Bangweulu kuli chinanso. Chiyambire 2008, bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks likuyendetsa dambo limenelo limodzi ndi boma komanso mafumu a m'deralo, ndipo anthu sanasamutsidwe, akuwedzabe momwemo. Kuli mbalame yotchedwa shoebill, ya mlomo ngati nsapato, yomwe ana ake ankabedwa kukagulitsidwa kunja. Anangolemba ntchito asodzi omwewo kuti azilondera zisa. Ife Chilwa inalowa m'pangano la Ramsar, la mayiko loteteza madambo, mu 1997, malo oyamba m'dziko muno, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi, zina zochokera kutali ku Ulaya. Makalabu a osaka mbalame anakhazikitsidwa, malo ena anapatulidwa kuti mbalame ziziswana. Koma chaka chimene nsomba zavuta, mbalame ndiyo imasanduka ndiwo, ndipo munthu amene mukumuuza kuti asiye msampha simunamupatse chilichonse m'manja.

Za Mozambique n'zovutirapo chifukwa iwowa sitingowayang'ana patali, timamwa nawo madzi amodzi. Mtsinje wa Mnembo umathira m'Chilwa kuchokera kwawo, ndipo nyanja ya Chiuta ku Machinga yagawanika pakati pa mayiko awiriwa. Pa Chiuta pomwepo, mu 1995, asodzi a mbali yathu anadzuka okha n'kuthamangitsa a makoka a nkacha omwe ankakokolola chilichonse, popanda kudikira boma. Vuto linali loti tsidya linalo khoka lomwelo linkaloledwa, ndiye mikangano siinkatha. Iwo ali ndi makomiti awo a asodzi monga ife tili ndi ma BVC, makomiti a m'midzi oyang'anira madoko, ndipo mu 2011 anapatula mbali yawo ya nyanja ya Malawi, yomwe amaitcha Niassa, kukhala malo otetezedwa. Maso a boma lawo ali kumeneko. Tinyanja ta m'malire ta ku Mecanhelas tili kutali kwambiri ndi Maputo.

Wina anena kuti Chilwa imadzichiritsa yokha. N'zoona, inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, mu 2018 anthu anayenda wapansi pomwe pankadutsa maboti, koma madzi atabwerera nsomba zinabwereranso. Zimapulumukira m'maiwe a mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe. Apa ndiye palibe mnansi woti timuloze chala. Mitsinje imeneyi imachokera m'mapiri athu, ndipo aliyense wokhala mu Zomba amaziona njinga za makala zikutsika m'phiri m'mawa uliwonse, ineyo ndimagulanso. Dothi lokokoloka m'phirimo limathera m'maiwe omwewo.

Ndikanakhala ndi mpando ku nthambi ya zausodzi, ndikanayamba ndi chimene sichifuna boti kapena mafuta: kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndikanaika anthu awiri ndi chingwe pamsewu wochokera ku Kachulu, kuti aliyense wonyamula thumba la matemba afotokoze bwino komwe wawatenga.