Chenjezo kwa olima m'madambo a Harare

Abale anga a ku Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Epworth, ndimvereni ine nkhalamba. Mvula ikangoyamba aliyense amathamangira kudambo ndi khasu, ndipo pa zimenezo sindikukudzudzulani, ufa wa m'sitolo ndi wodula. Koma zimene ndikuona m'mphepete mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba zandinyansa.

Munthu wamkulu ndithu, wa imvi ngati ine, kumamwaza feteleza wa AN ngati akudyetsa nkhuku, mitambo itadetsa kale. Kukacha feteleza yense ali mumtsinje. Wina akamaliza kupopera mankhwala opha udzu amatsukira chopopera m'madzi momwemo, botolo n'kuliponya m'bango, ana n'kulitola kumakamwera madzi. Enanso amagula mankhwala a mbozi ongothiridwa m'mabotolo a zakumwa, opanda dzina, opanda muyeso. Lero apopera repu, mawa ali naye pamsika. Ndiwo zimenezo mungadyetse adzukulu anu?

Mitsinje iwiriyi imathira mu Lake Chivero, damu la 1952 limene mzinda uno umamwako kudzera kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi obiriwira a m'nyanjayi, mbidzi ndi nkhwazi nazonso zinapita. Ndikudziwa, zonyansa za m'zimbudzi ndizo zachuluka kuposa zonse, musachite kundiuza. Koma feteleza wanu wokokolokayo ndi chakudya chomwecho chimene chimanenepetsa namasupuni ndi ndere zapoizoni zija.

Lamulo lilipo. Environmental Management Act ya 2002 ndiyo inabala bungwe loona za chilengedwe la EMA, ndipo malamulo a 2007 amaletsa kulima malo osakwana mamita 30 kuchokera pamtsinje popanda chilolezo. Chimanga chikadzatchetchedwa chili ndi ngaiyaye, musadzabwere kwa ine kuti akutizonda chifukwa makolo athu anachokera ku Malawi.

Ndipo dothi lenilenilo mukulipha. AN wa chaka ndi chaka, wopanda laimu, wopanda manyowa, amawawasitsa nthaka mpaka chimanga kumangofiira ngakhale muwonjezere thumba lina. Talimani pamenepo muone ngati mupeze nyongolotsi. Bwererani kumtunda, kumbani mapando, thiranimo manyowa ndi mapesi, fetelezayo mukwirire ndi dothi. Botolo la mankhwala litsukeni katatu, madziwo muthire m'chopopera, kenako muliboole kuti mwana asadzatungire madzi.