Tsiku limene ndinati "iwe" kwa agogo a ku Kyoto

Anzanga okonda anime, makatuni a ku Japan aja, makamaka inu amene timatumizirana zoonera usiku bandulo ikatsika mtengo, ndabwerako. Ambiri mwakhala mukundifunsa funso limodzi: "Ndiye ku Japan kuli ngati m'makatuni muja?" Ndiyankhe pano kamodzi, ndipo mundipirire poti nkhani ndi yaitali.

Ine anime ndinayamba kuonera ndili Fomu 2, pa kompyuta yakale ya achimwene anga. Tinkapita ndi flash kwa anyamata a pamsika kuti akatiikire. Mayi ankati ndikutaya nthawi ndi zidole. Koma zidole zomwezo n'zimene zinandichititsa kuloweza hiragana ndi katakana, mitundu iwiri ya zilembo za Chijapani, zilembo 46 mbali iliyonse, ndikumalemba kumapeto kwa kope. Ndikaima pa siteji ndinkayesa kuwerenga zolemba zimene zimatsala m'mbali mwa maminibasi ochokera ku Japan aja, mpaka tsiku lina ndinazindikira kuti imene ndinkakwera popita kutawuni kale inkanyamula ana a sukulu ya mkaka. Ndinasangalala tsiku lonse. Ndiye utapezeka mwayi kuntchito wopita kumaphunziro a milungu itatu mu Novembala, mumtima ndinkati ndikupita kumalo amene ndikuwadziwa kale.

Lamulungu loyamba ndinathamangira ku Akihabara, dera la mumzinda wa Tokyo lotchuka ndi zinthu za anime, ndipo sindinama, misozi inalengeza. Msewu waukulu wa Chuo-dori amautseka masana a Lamulungu kuti galimoto zisadutse, anthu n'kumayenda pakati pa msewu. Nyumba zosanja, chipinda chilichonse chodzaza manga (mabuku a nkhani zojambulidwa), tizidole ndi magemu akale. Timakina ta gachapon tili ndandanda, umaponya ndalama zachitsulo, kupotokola, kadzira kapulasitiki n'kugwa. Zimene ndinkaziona pa sikirini yosweka pakona zinali pamaso panga, zogwirika ndi manja. Amene anganene kuti chimwemwe chimenecho n'chachibwana sanakondepo chinthu.

Koma Akihabara ndi siteshoni imodzi yokha mwa masiteshoni 30 a njanji yozungulira ya Yamanote. Ukakwera sitima yomweyo Lolemba m'mawa, muli zii. Palibe wokuwa, palibe woyankha foni. Abambo ovala masuti akuda akusinza chiimire, atagwira lamba. Chinandidabwitsa kwambiri ndi kuchuluka kwa okalamba: oyendetsa takisi a imvi, agogo akulondolera galimoto pamalo oimikapo. Pafupifupi anthu atatu mwa khumi aliwonse ku Japan ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Mu anime dziko limaoneka lodzaza ana a sekondale, pamene dziko la achinyamata ndi lathu lino, kumene pafupifupi theka la anthu sanakwanitse zaka 18.

Chimene ndalembera zonsezi chinachitika ku Kyoto. Ndinachoka ku Tokyo pa shinkansen, sitima yothamanga kwambiri ija inayamba kuyenda mu 1964, ndipo mtunda woposa wa Lilongwe ndi Blantyre tinaudula m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Ndinafikira pa kanyumba kogona alendo koyendetsedwa ndi banja. Nsapato umavula pakhomo, pamalo otsika amene amati genkan, n'kuzitembenuza kuti ziloze kunja. Madzulo ndinapeza agogo aamuna a pakhomopo atakhala pa tatami, mphasa za kumeneko, miyendo ili pansi pa tebulo lofunditsidwa bulangete, akuonera sumo, masewera olimbana a ku Japan, pa TV. Inali nyengo ya mpikisano wa ku Fukuoka, umene umachitika Novembala aliyense kwa masiku 15. Ndinafuna kuwasonyeza kuti chiyankhulo chawo ndimachidziwa, ndiye ndinawafunsa ngati amakonda sumo. Mawu amene ndinagwiritsa ntchito powatchula anali "omae", kutanthauza "iwe".

Sanandikalipire. Anangondiyang'ana pang'ono, n'kubwezera maso pa TV. M'chipindamo munangoti zii, kupatula mawu a woulutsa. Patapita nthawi mwana wawo wamkazi, mayi wachikulire ndithu, ananditengera pambali n'kundifotokozera mofatsa kuti mawu amenewo amanena anyamata okhaokha ozolowerana, kapena munthu amene akufuna ndewu. Kwa wamkulu sayenera. Thupi lonse linazizira. Tangoganizani mlendo wafika pamudzi panu, mwamupatsa mphasa ndi madzi, iye n'kuyang'ana agogo anu n'kunena kuti, "Iwe, umakonda bawo?"

Mawu amenewo ndinawatola kwa ngwazi za mu anime. Iwo amatero chifukwa olemba amafuna aoneke olimba mtima ndi osaopa munthu. Zaka zonsezi ndinkamva chiyankhulo cha pabwalo la nkhondo n'kumaganiza kuti ndi cha pakhomo. Chijapani chenicheni chili ndi masitepe a ulemu amene amati keigo, ndipo mneni amasintha malinga ndi amene ukuyankhula naye. Nthawi zambiri sanena n'komwe mawu oti "iwe" kapena "inu". Amatchula dzina la munthu n'kuwonjezera "san" kumapeto. Mayi aja akufotokoza, ndinaona kuti zimenezi si zachilendo kwa ine. Ife timaika "a" kutsogolo, iwo amaika "san" kumbuyo. Ife timati "abwera" ponena munthu mmodzi wamkulu. Chinthu chimene ndinakula nacho, chimene agogo anga ankandidzudzula nacho ndikalakwitsa, ndinachisiya pabwalo la ndege poganiza kuti ku Japan kukufunika munthu wina.

M'mawa mwake ndinachita zimene ndikanachita kumudzi. Ndinatulutsa paketi ya tiyi wa ku Thyolo amene ndinanyamula, ndinalowa, ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri, n'kupepesa ndi Chijapani chaulemu chimene mayi aja anandiphunzitsa usiku. Agogowo analandiranso ndi manja awiri, anaweramitsa mutu, ananunkhiza paketiyo nthawi yaitali. Kenako anasuntha khushoni n'kundilozera kuti ndikhale.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo ena mukwiya. Ife okonda anime tili ndi matenda oganiza kuti Japan ndi wathu chifukwa taonera maola ambirimbiri. Timafika ngati eni, kufunafuna malo amene tinaona pa sikirini, osaona anthu amene akukhala pamalopo. Ku Kamakura kuli malo ena odutsira njanji m'mbali mwa nyanja amene anatchuka chifukwa cha anime ina ya basketball. Alendo amadzaza pamenepo, ena kuima pakati pa msewu kuti ajambule, pamene eni dera akufuna kungodutsa kupita kuntchito ndi kusukulu. Ku Gion, ku Kyoto komweko, mu 2024 anafika poletsa alendo kulowa m'tinjira tina ta eni chifukwa chothamangitsa ma geiko, akazi osangalatsa alendo ndi magule ndi nyimbo zachikhalidwe, ndi makamera. Chaka chomwecho tawuni ya Fujikawaguchiko inaimika chinsalu chakuda kutchinga malo amene anthu ankaunjikana pojambula phiri la Fuji. Zimenezi zimandipweteka chifukwa ife Amalawi timadziwa mmene zimamvekera mlendo akatsika galimoto n'kuyamba kujambula ana athu kapena Gule Wamkulu osapempha, ngati kuti mudzi wonse ndi chionetsero chake.

Nditapita ku Fushimi Inari, kachisi wotchuka wa ku Kyoto, ndinayesetsa kuyenda mosiyana. Zipata zofiira zija, ma torii, ndinaziona kambirimbiri m'makatuni, koma sindinkadziwa kuti chilichonse chinaperekedwa ndi munthu kapena kampani, ndipo dzina la wopereka ndi tsiku zalembedwa kumbuyo kwake. Sindinkadziwanso kuti Inari amamupembedza ngati mulungu wa mpunga ndi malonda, ndipo nkhandwe zamiyala zija ndi amithenga ake. Ndinapita mbandakucha, kukuzizira, masamba a mitengo atafiira. Mayi wina anafika, anasamba m'manja pachitsime cha pakhomo, anawerama kawiri, anaomba m'manja kawiri, anaima kachetechete, n'kuweramanso. Ine ndine Mkhristu, sindinapemphere nawo, ndipo foni ndinaisiya m'thumba. Pamenepo panali pa tchalitchi pa munthu.

Komanso ndisasiye mbali inayi, chifukwa makolo ena akuwerenga ndipo ayamba kale kugwedeza mutu kuti "tinkanena ife". Ayi, amayi ndi abambo. Popanda anime sindikanadziwa chilembo ngakhale chimodzi, sindikanalimba mtima kulembera mwayi umenewu, sindikanatha kuwerenga dzina la siteshoni. Ku Kyoto kuli nyumba yosungiramo manga imene anaitsegula mu 2006 m'nyumba imene kale inali sukulu ya pulayimale. Ndinaona agogo, makolo ndi ana atakhala m'makonde aliyense ndi buku lake, ngati mulaibulale. Eni ake zojambula zawo amazilemekeza. Mwana wanu akamaonera, m'malo momulanda foni mufunseni kuti nkhaniyo ikunena chiyani, ndipo ngati wayamba kutola mawu, mulimbikitseni apeze buku lenileni la chiyankhulocho. Ubale wathu ndi dziko limenelo si wa lero. Anthu ongodzipereka ochokera ku Japan akhala akubwera kuno kuyambira 1971, kudzaphunzitsa m'sukulu ndi kugwira ntchito m'zipatala, ndipo ambiri amabwerera kwawo akudziwa kunena "Muli bwanji" ndi "Zikomo" moyenera. Ngati iwo amaphunzira kunena "inu", ifenso tingathe.

Madzulo atatu otsatira ndinaonera sumo ndi agogo aja. Chijapani changa n'chochepa ndipo iwo Chingerezi alibe, koma ankandilozera ndi chala: uyu akuwaza mchere kuyeretsa bwalo, uyu wagonja chifukwa phazi latuluka kunja kwa chingwe. Ankandisendera timalalanje tating'ono totchedwa mikan n'kumandiikira pambale. Tsiku lonyamuka anatuluka nane mpaka panja ngakhale kunkazizira. Ananditchula dzina langa, analivutikira pang'ono, n'kuika "san" kumapeto. Nditafika pokhota msewu ndinacheuka, ndipo anali chiimire pakhomo, akuwerama.