Mlendo akafika pa timu, amupatsa mpira ndani?

Chaka chilichonse mpikisano wa March Madness, wolimbirana chikho cha makoleji a ku America, ukangotha, anzanga amene timatsatira limodzi basketball ya m'makoleji a ku America amayamba kunditumizira mayina. Uyu wachoka ku sukulu yakuti, uyu wapita kwakuti, timu yakuti yagula anthu asanu, ndiye chikho cha chaka chamawa chapita kale. Ine ndimawerenga mayinawo, koma mtima suvomera msanga. Ndakhala ndikudzuka cha m'ma 3 koloko mbandakucha kuonera masewerawa pa foni kwa zaka zingapo, ndipo chimene ndaona n'chakuti timu imene imaoneka yoopsa mu May nthawi zambiri si imene imadula ukonde pokondwerera chikho mu April.

Kwa amene simutsatira kwambiri, nkhaniyi ili chonchi. Kale wosewera akasamuka sukulu, ankakhala chaka chathunthu osasewera mpikisano. Mu 2018 bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'makolejiwa, linatsegula transfer portal, m'ndandanda umene wosewera amalembetsamo dzina kuti makochi ena adziwe kuti akufuna kuchoka. Mu 2021 analola kuti munthu asamuke kamodzi n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo, ndipo chaka chomwecho osewera analoledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi nkhope yawo, zija amati NIL. Pofika 2024 malire a kamodzi aja anachotsedwanso. Lero mnyamata akhoza kuvala yunifolomu zinayi pa zaka zinayi.

Ine ufulu umenewu ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Makochi akhala akusiya ana pakati pa njira kuthamangira malipiro apamwamba kuyambira kalekale, palibe ankawakhazika chaka. Bwanji mwana yekha? Chimene chimandivuta ndi momwe ife oonera, ndi makochi ena omwe, timawerengera alendowa.

Timatenga mapointi a munthu ku sukulu yake yakale n'kuwaphatikiza ngati ndalama za m'thumba. Uyu ankagoletsa 17, uyu 18, uyu 15, ndiye pamodzi akhala 50. Basketball siyenda choncho. Masewera a koleji ndi mphindi 40, m'bwalo mumalowa anthu asanu, ndiye mphindi zonse zogawana ndi 200 basi. Mpira ndi umodzi, ndipo timu ili ndi masekondi 30 kuti iponye. Mnyamata amene ankagoletsa 17 uja ankatero chifukwa timu yonse inkasewerera iyeyo: anzake ankamutchingira adani, kochi ankamujambulira njira, akaphonya kasanu palibe ankamutulutsa. Akafika pamalo pamene pali kale eni mpira awiri, zonsezo zimatha tsiku limodzi. Funso loyamba likhale lakuti, kodi amene asiye mpira kuti mlendoyu augwire ndani? Nanga amene achoke m'bwalo kupita pa benchi ndani, ndipo avomera?

Taonani Kansas ya 2024 mpaka 2025. Sizoni isanayambe inaikidwa pa nambala 1 m'dziko lonse. Kochi wawo Bill Self ndi kochi wamkulu, wa zikho ziwiri, ndipo sindingamuphunzitse ntchito. Anali kale ndi Hunter Dickinson, chimphona chochokera ku Michigan, pamodzi ndi Dajuan Harris ndi KJ Adams amene analipo pa chikho cha 2022. Anawonjezera Zeke Mayo wa ku South Dakota State, Rylan Griffen wa ku Alabama, ndi AJ Storr wa ku Wisconsin. Pa pepala munthu sukanapeza chosowa. Storr ku Wisconsin ankagoletsa pafupifupi mapointi 17 pa masewera aliwonse. Ku Kansas anatsikira cha pa 6, nthawi zambiri akuyambira pa benchi. Kodi mwanayo anaiwala kusewera m'miyezi isanu ndi umodzi? Ayi ndithu. Iye ndi wosewera wofuna mpira m'manja ndi mpata wothamangira ku ukonde, koma pansi pa ukondepo panali pataima kale Dickinson, pambali pake Adams amene saponyera patali, ndiye adani ankangodzazana pakati. Komanso Self salola munthu kukhala m'bwalo ngati sakutchinga momwe iye akufunira. Timu ija inagonja kwa Arkansas pa masewera oyamba enieni a March Madness, chinthu chimene Kansas inali isanachione kuyambira 2006. Storr anasamukanso kupita ku Ole Miss, sukulu yake yachinayi. Ndimamumvera chisoni mnyamatayu, chifukwa anthu anamunena kwambiri pa intaneti pomwe cholakwika chachikulu chinali poti anamuika pamalo posamuyenera.

Tsopano yerekezani ndi UConn (yunivesite ya Connecticut) ya kochi Dan Hurley, imene kwa ine ndi sukulu ya nkhani imeneyi.

Mu 2022 Hurley anatenga Tristen Newton kuchokera ku East Carolina, kumene ankagoletsa kwambiri chifukwa kunalibe wina. Ku UConn anamuuza kuti ntchito yake ndi kuyendetsa timu, kupatsira Jordan Hawkins panja ndi Adama Sanogo, mwana wa ku Mali uja, pansi pa ukonde. Mapointi ake anatsika kufika cha pa 10. Timuyo inapambana masewera 14 oyamba, kenako cha mu January inagwa m'dzenje, kugonja kasanu ndi kamodzi pa masewera asanu ndi atatu, ndipo anthu ambiri ankaloza Newton kuti si point guard (woyendetsa timu) weniweni. Hurley sanamusinthe. Pa fainolo ya 2023 yolimbana ndi San Diego State, imene anapambana 76 kwa 59, Newton anagoletsa 19 n'kutola ma rebound (mipira yophonya ukonde) 10. Chaka chotsatira ndiye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa Final Four, ndime ya matimu anayi omaliza. Zinatenga miyezi yambiri kuti munthuyu akhazikike, ndipo ndi miyezi imene ife oonera sitifuna kudikira.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi chimene anachita Hurley chikho choyamba chitabwera. Hawkins, Sanogo ndi Andre Jackson anachoka kupita kukasewera mpira wa ndalama. Timu yoti yangotenga kumene chikho ikanatha kukopa dzina lililonse mu portal. Iye anayang'ana kaye m'nyumba: pakati pali Donovan Clingan amene wakhala akudikira kumbuyo kwa Sanogo, pali Alex Karaban, kukubwera mwana watsopano Stephon Castle. Chosowa chinali munthu woponya mapointi atatu amene angathamange mozungulira otchingira ngati momwe ankachitira Hawkins. Anakatenga Cam Spencer ku Rutgers, mnyamata amene anayambira ku sukulu yaing'ono ya Loyola Maryland, wopanda liwiro lodabwitsa, wosadumpha kwambiri. Analowa pa mpata uja ngati chitseko pa mphuthu yake. Ankalowetsa pafupifupi 44 pa mipira 100 iliyonse ya mapointi atatu, ndipo ukali wake m'bwalo unkafanana ndi wa kochi wake. UConn inatenganso chikho mu 2024 pogonjetsa Purdue 75 kwa 60, kukhala timu yoyamba kutenga kawiri motsatizana kuchokera pamene Florida inatero mu 2006 ndi 2007.

Ndipo pa timu imeneyi pali munthu amene satchulidwa kawirikawiri, Hassan Diarra. Anachoka ku Texas A&M kudzakhala pa benchi ku UConn. Chaka choyamba mphindi zake zinali zochepa. Masiku ano mwana wotere amalembetsanso mu portal sizoni ikangotha. Iye anakhala, ndipo mu 2024 anapatsidwa mphoto ya wosewera wabwino koposa wochokera pa benchi mu ligi ya Big East. Ine ndikamamva anthu akuti alendo ndi amene akuwononga basketball ya koleji, ndimakumbukira Diarra akulowa m'bwalo kukapanikiza point guard wa adani kuyambira kumapeto kwa bwalo mpaka kumapeto.

Purdue yomwe inagonjayo ili ndi phunziro lake. Mu 2023 inachititsidwa manyazi ndi Fairleigh Dickinson, timu ya nambala 16, yotsika koposa m'chigawo chake cha mpikisanowo, ngakhale inali ndi Zach Edey, munthu wa mamita 2.24. Kochi Matt Painter sanaphwasule nyumba. Anasunga ana ake n'kubweretsa Lance Jones wa ku Southern Illinois, wokhwima pa masewera, waliwiro, wosaopa kuponya ndiponso wotha kutchinga. Munthu mmodzi ameneyo anathandiza timu yomwe ija kufika Final Four koyamba kuchokera mu 1980. Akuluakulu anati mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa zinaoneka, chifukwa pakhomopo panali kale pofunika kumeta.

Ndikudziwa kuti wina anditchulira Kentucky, ndipo akhala akunena zoona. Kochi wawo John Calipari atachoka kupita ku Arkansas mu 2024, wolowa m'malo mwake Mark Pope anapeza nyumba yopanda munthu. Anasonkhanitsa timu yonse kuchokera kunja: Lamont Butler wa ku San Diego State, Otega Oweh wa ku Oklahoma, Koby Brea wa ku Dayton, Amari Williams wa ku Drexel, Andrew Carr wa ku Wake Forest, ndi Jaxson Robinson amene anabwera naye kuchokera ku BYU. Anagonjetsa Duke mu November, n'kufika ndime ya matimu 16 omaliza koyamba kuchokera mu 2019. Ndimavomereza kuti alendo okhaokha akhoza kupanga timu. Koma muone momwe anawasankhira. Butler ndi wotchinga, Brea ndi woponya patali, Williams ndi wamtali wodziwa kupatsira, Oweh ndi wothamangira ku ukonde. Aliyense anabwera ndi khasu lake ndi mzere wake. Ndipo poti panalibe mwini nyumba wakale, panalibenso wolandidwa mphindi n'kumadandaula m'chipinda chovalira. Vuto lija la ku Kansas, loti mlendo akhale pati pakati pa eni khomo, iye analibe.

Pali chinthu chimodzi cha dongosolo lakale chimene ndimachisowa, ngakhale sindikufuna kuti libwerere. Baylor imene inatenga chikho mu 2021 pogonjetsa Gonzaga 86 kwa 70 inali yodzala ndi osamuka: Davion Mitchell wa ku Auburn, MaCio Teague wa ku UNC Asheville, Adam Flagler wa ku Presbyterian, ndi Jonathan Tchamwa Tchatchoua, mwana wa ku Cameroon amene anadzera ku UNLV. Onsewa anakhala chaka akuchita nawo zokonzekera tsiku ndi tsiku popanda kusewera mpikisano. Pomwe ankalowa m'bwalo anali akudziwa kale kuti mnzawo amakonda kulandirira mpira mbali iti, amakhotera kuti akapanikizidwa, ndani amakuwa mdani akamabwera kumbuyo. Kutchinga kwa anthu asanu kumafuna kudziwana kotere. Kugoletsa munthu akhoza kubwera nako m'chikwama kuchokera ku sukulu ina, koma kudziwa nthawi yosiyira mdani wako kuti ukathandize mnzako kumabwera ndi masiku. Lero mwana amafika mu June, mu November akufunika akhale atadziwa zonse, ndipo mu March akuganiza kale za kumene apite. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye kochi wa lero amaphunzitsa anthu amene akudziwa kuti mwina sakhala nawo chaka chamawa.

N'chifukwa chake Florida ya 2025 inandigwira mtima. Kochi Todd Golden sanawatenge onse tsiku limodzi. Will Richard anabwera mu 2022 kuchokera ku Belmont. Walter Clayton Jr. anabwera mu 2023 kuchokera ku Iona, ndipo chaka chake choyamba ankasewera pambali pa point guard wina, asanapatsidwe chiwongolero chaka chachiwiri. Mu 2024 ndi pamene anawonjezera Alijah Martin, amene anali atalawa kale Final Four ndi Florida Atlantic, ndi Rueben Chinyelu wa ku Nigeria, kuchokera ku Washington State, kudzathandizana ndi Alex Condon pansi pa ukonde. Chaka chilichonse ankaona chosowa n'kukachifuna. Pofika 2025 alendo oyamba aja anali atasanduka eni khomo, ndipo ndi amene ankalandira atsopano.

Fainolo yawo ndi Houston ku San Antonio ndinaionera ndekha usiku, nyumba yonse ili m'tulo. Houston inamutsekera Clayton njira zonse moti chigawo choyamba chinatha asanagoletse ngakhale pointi imodzi. Timu yongodalira dzina limodzi ikanathera pomwepo. Richard, mlendo wakale uja, ndiye ananyamula katundu, n'kumaliza ndi mapointi 18. M'chigawo chachiwiri Florida inatsalira ndi mapointi 12, koma inabwerera pang'onopang'ono ndi kutchinga. Masekondi omaliza Florida ikutsogola 65 kwa 63, mpira unapita kwa Emanuel Sharp wa Houston kunja kwa mzere wa mapointi atatu. Amene anamuthamangira n'kudumpha patsogolo pake anali Clayton, munthu amene anamutengera ku Iona chifukwa chodziwa kugoletsa. Sharp analephera kuponya, anausiya mpira ukudunda pansi, Condon anaugwera, nthawi n'kutha. Ndinakhala pa mpando kwa kanthawi foni ili m'manja, kunja atambala atayamba kulira, ndikubwereza kachigawo komaliza kaja kuti ndione bwino pamene Clayton anayambira kuthamanga.