Lekani kuphwetsa gasi wa eyakoni ngati mpweya wa m'tayala

Anyamata a m'magalaja, tamverani. Khalidwe lomasula nati ya paipi ya eyakoni n'kusiya gasi akufwiiii, inu mukuseka kuti ntchito yaphweka, lithe. Kaya mukuchotsa kompuresa, kaya mukuphwasula galimoto yakufa kuti mugulitse zitsulo, yambani mwaganiza za chimene chili m'mapaipimo.

Galimoto ingakhale pamiyala zaka zambiri injini osalira, gasi adakali mkati wopanikizika. Gasi wa eyakoni wotchedwa R-12, amene ambiri amangomutcha Freon, amawira pa madigiri pafupifupi 30 pansi pa ziro, ndipo R-134a pa madigiri 26 pansi pa ziro. Akathovoka ali wamadzi n'kukugwerani pa dzanja, mnofu umauma ndi chisanu pomwepo, kenako matuza. Akalowa m'diso, diso lingafe. Koma taonani munthu wagwira sipanala chimanjamanja, nkhope waiweramitsa pa nati penipeni, magalasi oteteza maso ali pakhoma. Mukusaka chiyani, ana inu?

Chimene chimakupusitsani n'chakuti R-12 sayaka. Zoona sayaka, koma akakumana ndi lawi la wowotcherera kapena ndudu yoyaka, amasweka n'kutulutsa nthunzi za asidi ndi phosgene, poizoni amene anapha asilikali ochuluka pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Mnzanu akuwotcherera apa, inu mukuphwetsa gasi apo, chitseko cha galaja chotseka. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi n'kudzaza m'dzenje lokonzeramo galimoto, ndipo amene ali m'dzenjemo amayamba chizungulire asanadziwe chomwe chamugwira. Komanso galimoto yakale yadutsa m'manja ambiri. Ena mwa amene anaigwirapo kale anathiramo gasi woyaka wa propane kapena butane pofuna zotsika mtengo, ndipo ameneyo kamoto kakang'ono kokha kamamukwanira kuti ayake.

Mudzati kagasi kosakwana kilogalamu kangawononge chiyani. Mu 1985 asayansi a ku Britain analengeza kuti ozone, amene amatchinga cheza choopsa cha dzuwa, waperepeseka kwambiri pamwamba pa Antarctica. Mu 1987 maiko anasaina pangano la ku Montreal lothetsa magasi ngati R-12, popeza chlorine wake ndiye amadya ozone. R-12 amakhala mumlengalenga zaka pafupifupi 100. Amene mwaphwetsa lero adzakhala akuwonongabe zidzukulu zanu zitamera imvi. Cha m'ma 1994 opanga galimoto ambiri anali atasamukira ku R-134a. Ameneyu sadya ozone, koma kilogalamu yake imodzi imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 1,430 a carbon dioxide.

Ntchitoyi ili ndi makina ake okoka gasi m'galimoto n'kumuika m'silinda. Musanalumikize kanthu, werengani kachikwangwani ka pansi pa boneti, muonenso potulukira gasi: pa R-12 pamakhala mazinga opotokola, pa R-134a m'pongokankha n'kukola. Chikwangwanicho musachikhulupirire kotheratu, pimani gasi ndi chipangizo chozindikirira mtundu wake. Gasi aliyense akhale ndi silinda yake yolembedwa dzina. Mukasakaniza R-12 ndi R-134a mwawononga onse awiri, palibe amene angabwezeredwe m'galimoto. Silinda ikhale pa sikelo, ndipo isapitirire magawo 80 pa 100, chifukwa gasi wamadzi akafunda amafufuma, akasowa malo silinda imaphulika. Zija zogulitsiramo gasi, zogwiritsa ntchito kamodzi, musazidzazenso.

Geji ya makinawo ikatsika pansi pa ziro musathamangire sipanala. Zimitsani makina, dikirani mphindi zingapo. Muvi ukayambanso kukwera, ndiye kuti gasi wina anabisala m'mafuta a kompuresa, kokaninso. Muvi ukakhazikika, pamenepo masulani mapaipi, magolovesi ndi magalasi muli nazo pathupi.

Mulibe makinawo? Pitani nayo galimoto kwa amene ali nawo, akakoke gasi, inu mudzapitirize zanu. Inunso eni galimoto, funsani makaniko kuti gasi wanu amuika kuti.

Ngozi ikachitika, pamene gasi wagwera musapatikite kapena kupawotha pamoto. Thirani madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Likakhala diso, litsukeni ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, wina akukonza zothamangira nanu kuchipatala, ndipo kumeneko mukatchule dzina la gasiyo.